Dokotala wa Kuseri kwa Katani

Mwini sitolo ya mankhwala sankapereka moni wa dzanja ngati anthu ena. Ukangowayandikira, chala chawo chachikulu chinkakhala chafika kale pansi pa diso lako n'kukokera chikope pansi. Ankasuzumira mmenemo ngati munthu wofuna ndowa yogwera m'chitsime, kenako n'kupukusa mutu. "Magazi achepa." Ankatero kwa odwala, kwa alendo odzacheza, kwa abusa, ngakhale kwa munthu wodzawerenga mita ya magetsi. N'chifukwa chake pamsika ponse ankangowatchula kuti a Magaziachepa.

Masana amenewo chikope chimene anakoka chinali cha mwana wawo wamkazi, m'chipinda chochezera kuseri kwa sitolo, mbale zisanachotsedwe patebulo.

"Magazi ali bwinobwino," anatero pomusiya. "Ndiye kuti vuto lili m'mutu. Tanenanso, mayi ako amve bwino. Ku yunivesite ukufuna kukaphunzira chiyani?"

"Za miyala ndi madzi a pansi pa nthaka, bambo."

"Miyala." Anatembenukira kwa akazi awo, amene ankasita jekete loyera pangodya. "Mwamva, mayi a Dokotala? Mwana wakhoza kuposa anzake onse pasukulu, zitseko zonse zamutsekukira, iye akuti miyala. Tuluka panjapo ukatole, yadzaza msewu wonse, ndipo ndi yaulere."

"Si kutola, bambo. Ndi kudziwa pamene pali madzi anthu asanakumbe. Aja anakumba mjigo kusukulu kwathu, amene ankawauza pokumba anali mayi. Amuna onse aja ndi chigalimoto chawo ankadikira kuti iye aloze."

"Sing'anga wa zitsime. Ndikamayenda pamsikapa anthu aziti, awo ndi bambo a sing'anga wa zitsime."

Ana awo awiri sanawaitanepo ndi maina awo enieni. Wamwamuna anali Dokotala kuyambira akukwawa. Wamkazi anali Nesi, kuti azidzanyamulira mchimwene wake thonje. Mainawo anakanirira mpaka aphunzitsi omwe ankawaitana choncho.

"Tamvera, Nesi. Ine unyamata wanga wonse unathera kukolopa m'chipatala. Ndinkakankha odwala pamachira, tiana tovala majekete oyera tikundituma ngati galu. Ndinalumbira kuti m'nyumba mwanga mudzatuluka dokotala. Kumapeto kwa mwezi uno ukapita kukasankha maphunziro, ukanene udokotala. Pakamwa pako pasakatuluke china."

"Dokotala alipo kale m'nyumba muno, bambo."

Mayi anaimika simbi. Kuseri kwa khoma kunkamveka madzi a pampopi akutayika.

"Alipo," bambo anayankha motsitsa mawu. "Koma pepala lake la udokotala palibe."

Mawu amenewa anali asananenedwepo mokweza m'nyumbamo. Dokotala anabwerako kusukulu ya udokotala asanamalize, atawonda, maso atalowa. Bambo ake anauza msika wonse kuti wamaliza msanga chifukwa cha nzeru. Anamugulira jekete loyera ndi chomverera pachifuwa, anatchinga mbali ina ya sitolo ndi katani, n'kuikamo bedi. Kuyambira pamenepo, tsiku la msika benchi ya pakhonde inkadzaza.

"A boma ayamba kuyendera masitolo," bambo anapitiriza. "Ya kutsidya kwa mlatho aitseka sabata yatha. Akafika pano adzafuna pepala pakhoma. Pepala limenelo ulibweretsa ndiwe."

"Udokotala ndi zaka zambiri, bambo."

"Tikawauza kuti mwana ali kusukulu ya udokotala, afewa. Ndipo patchuthi uzidzakhala kuseri kwa katani, uziphunzira ndi manja. Anzako a m'mabuku okhaokha adzakupeza uli patali."

"Mawu a akulu akoma akagonera," anatero mayi, maso ali pa jekete. Anapinda kolala, n'kuipsinja ndi simbi kwa nthawi yaitali kuposa mmene inkafunikira.

Nesi anapeza mchimwene wake pampopi kuseri kwa nyumba akusamba m'manja. Sopo anali atatha kale, koma iye ankangotikita chala chimodzichimodzi. Khungu la pakati pa zala linali litayera n'kung'ambika.

"Achimwene, madzi atha m'thanki."

"Ndatsala pang'ono." Sanatseke mpopi. "Ndamva za miyala yako. Ine ndinkafuna injini. Ukukumbuka jenereta ya kutchalitchi?"

"Munaimasula yonse. Mutaibwezera kunatsala tizitsulo m'thumba mwanu, koma inalira bwino kuposa kale."

Dokotala anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene waiwala kasekedwe.

"Kodi kunachitika chiyani kusukulu kuja?" Nesi anafunsa. "M'nyumba muno palibe amanena."

"Palibe chinachitika. N'chifukwa chake n'zovuta kufotokoza. Anzanga ankadula mtembo m'mawa, masana n'kukadya nyama akuseka. Ine ndinkaona nkhope. Ndinapirira. Atayamba kutilowetsa m'mawodi, mwana wina anamwalira ine ndili chiimire pambali pa bedi. Sanali wodwala wanga, ndinkangoonerera. M'mawa mwake miyendo inakana kulowa pageti. Ndinakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa linalowa. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Mapeto ake anandiuza kuti ndikapume kunyumba."

"Ndiye uku ndiko kupuma kwake?"

"Uku ndiko kupuma kwake."

"Mukundiuza kuti ndisapite ku udokotala."

Apa Dokotala anatseka mpopi, n'kuyang'ana mlongo wake. "Ndikanakhala munthu wabwino ndikanakuuza choncho. Koma bambo akuti ukadzabwera ndi pepala, ine adzandivula jekete lija. Ndiye ndimakhala kuseri kwa katani kuja ndikuwerengera zaka zako, mlongo wanga, ngati wandende. Usandifunse nzeru ine. Yankho langa lili ndi dyera."

Nesi anakayesa kwa mayi ake m'khitchini, tsiku lina bambo atapita kukaoda mankhwala.

"Mwana wa telala uja umamuona?" mayi anafunsa akutsuka mapoto. "Ali ndi digiri ya chiyani kaya, za mbiri yakale. Anavala mkanjo, anajambulitsa, mayi ake anavina mpaka chitenje kugwa. Lero ali pansi pa ambulera akugulitsa mayunitsi a foni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwanawe, wa pachala ngwa mphepo. Matenda sadzatha padziko pano."

"Ludzunso silidzatha, amayi."

"Ludzu sililemba munthu ntchito. Mayi wako wa mjigoyo unamufunsa kuti ntchito zake zilipo zingati?"

Nesi anali atamufunsa. Mayiyo anamuyankha mosabisa kuti ntchito zilipo kumakampani okumba mijigo, kumigodi, kwa omanga misewu ndi madamu, koma n'zoyendayenda. Umagona m'matenti, umapsa ndi dzuwa, ndipo miyezi ina umangokhala osaitanidwa. Yankho limeneli Nesi ankalisunga yekha, chifukwa nayenso linkamuopsa. Ankadziona pansi pa ambulera, pambali pa mwana wa telala, bambo ake akudutsa osamuyang'ana.

"Anati zilipo," anatero.

"Anati zilipo. Nayenso wogulitsa nsomba yowola amati ndi yalero."

"Nanga achimwene mukuwaona mmene akuthera?"

"Ndinamubala ndine. Usandiuze zoti ndione."

"Anthu amene amadzaza benchi aja akuona chikomekome cha mkuyu, amayi. Ife tikudziwa zimene zili m'kati."

Mayi anaponya chitsulo chotsukira m'beseni. "Katani ameneyo ndi amene wakufikitsa pamene ulipa. Mabuku ako, yunifolomu yako, zonse zinachokera kuseri kwake. Usalavulire m'chitsime chimene ukumwamo. Bambo ako ndimawadziwa kuposa iwe. Akanena kuti kum'mawa, dzuwa lenilenilo limachita manyazi kutulukira kwina."

Tsiku la msika linafika. Nesi anali pakauntala akukulunga mapilisi m'timapepala pamene bambo ake anaitana kuchokera kuseri kwa katani.

"Dokotala."

Mchimwene wake, amene anali pakhomo akukoka mpweya, anatembenuka.

"Osati iwe," bambo anatero. "Wamng'onoyo. Lowa, Dokotala, lero uyambe kuona ntchito."

Nesi anasiya mapilisi pakauntala. Analowa.

Kuseri kwa katani kunali kopanikiza. Kunali bedi yachitsulo yoyalidwa pulasitiki, chithunzi cha mafupa a munthu pakhoma, ndi ndowa ya masingano ogwiritsidwa kale ntchito. Fungo la sipiliti linkalowa mpaka m'mano. Kagwiridwe ka ntchito kanali kotere: bambo ankalandira wodwala, kumufunsafunsa, n'kutchula matendawo mokweza ngati akufunsa maganizo. Dokotala ankaika chomverera pachifuwa cha munthu, n'kugwedeza mutu. Kenako jakisoni. Anthu a kumeneko sankakhulupirira mapilisi. Wotuluka osabayidwa ankaona ngati amubera.

Anadutsa madala wa chifuwa, kenako mnyamata wa chilonda cha pamwendo. Wachitatu anali mayi wogulitsa tomato, atabereka kamtsikana ka zaka ngati zinayi. Kanali kotentha ngati mbaula, milomo itauma, kumapazi katavala tinsapato tofiira ta pulasitiki.

"Malungo awa, si choncho Adokotala?" bambo anatero mokweza.

Dokotala anamvetsera pachifuwa pa mwanayo nthawi yaitali. Kenako anaweramira kukhutu kwa bambo ake. Nesi anali pafupi, anamva.

"Uyu apite kuchipatala chachikulu, bambo. Akamuyeze magazi. Ine uyu ayi."

Bambo anamwetulira kwa mayi uja. "Adokotala akuti mwafika pa nthawi yake."

"Mubayeni basi, adokotala," mayiyo anatero. "Kuchipatala mzere wake ndi wa tsiku lonse, tomato wanga awola. Kuno mumatithandiza msanga."

Bambo anapopa mankhwala, anagogoda jakisoni ndi chikhadabo, n'kuiika m'dzanja la mwana wawo. "Iwe gwira miyendo," anauza Nesi.

Mwanayo anamugoneka chafufumimba. Nesi anagwira timiyendo totenthato. Kamtsikanako kankapalapata ndi mphamvu zimene sunkaganiza kuti zingakhale m'thupi lodwala choncho. Nesi anakweza maso n'kuona dzanja la mchimwene wake. Nsonga ya singano inkavina m'malere.

"Achimwene," anatero chapansipansi.

"Anthu akudikira panja," bambo anatero.

Mwana anadzikoka, dzanja linatsika. Singano inalowa m'munsi, chapakati pa thako. Kulira kumene kunatuluka sikunali kwa mwana woopa jakisoni. Kunali kwina, kosongoka, ndipo mwendo wakumanzere unagwedezeka kamodzi m'dzanja la Nesi n'kuuma.

"Akalira choncho ndiye kuti mankhwala alowa," bambo anauza mayi uja akumupatsa thonje. "Mawa adzakhala akuthamanga."

Dokotala anaika jakisoni pabedi, anatuluka chamsanamsana. Posakhalitsa madzi anayamba kumveka kuseri kwa nyumba. Odwala otsalawo anawabaya bambo okha, akuwauza kuti adokotala aitanidwa pafoni ndi anzawo a kuchipatala chachikulu.

Patapita masiku, mayi wa tomato anabweranso. Sikunali tsiku la msika, pakhonde panalibe anthu. Anatsitsa mwana kumsana n'kumuimika pasimenti.

"Tayenda, awone."

Kamtsikanako kanaponya mwendo wakumanja. Wakumanzere unatsatira mokwekwereza, phazi likulendewera ngati nsanza yonyowa. Kansapato kofiira ka mbali imeneyo kanali katapalika kunsonga mpaka kuyera.

"Kutentha kunasiya," mayiyo anatero. "Koma chichokereni kuno sakuponda. Akuti phazi salimva."

Nesi anagwira kauntala ndi manja onse awiri.

Bambo anagwada, anapinda kamwendoko, anakawongola, n'kupukusa mutu mwachifundo. "Malungo aja atsikira m'mwendo. Zimachitika, mayi. Tengani mafuta awa muzimutikita m'mawa ndi madzulo, musalipire, ndi mwana wathu tonse. Koma ndikulangizeni ngati mlongo wanga. Mukaganiza zopita kuchipatala chachikulu, za jakisoni musakatchule. Anthu a kumeneko ndi ankhanza. Adzakufunsani chifukwa chimene simunathamangire kwa iwo poyamba, mapeto ake mlandu udzagwera inu mayi wake."

Mayiyo anathokoza, anawerama, anabereka mwana n'kumapita.

Pa chakudya cha madzulo amenewo bambo anadya bwino. Atamaliza anasamba m'manja, anapukuta ndi kansalu, n'kuyamba kulankhula ngati akukonza za ulendo.

"Nkhanga zinapangana kusanapse. Mayi uja akhoza kuyankhula, akazi a pamsika pakamwa pawo sipatsekeka. Ndiye timvane. Ine ndimagulitsa mankhwala a mutu ndi a m'mimba. Wobaya ndi uyu." Analoza Dokotala ndi chibwano, osamuyang'ana. "Zikavuta tidzanena zoona. Anabwerako kusukulu mutu utasokonekera, amavala jekete n'kumadzitcha dokotala, ife timangomulekerera pomumvera chisoni. Aliyense wamuonapo pampopi paja. Wodwala mutu samangidwa. Adzangomusunga kuchipatala cha amisala miyezi ingapo, sitolo n'kutsala."

Dokotala ankayang'ana mpunga wa m'mbale mwake, umene anali asanaukhudze.

"Bambo a Dokotala," mayi anatero, "mwana wanu ameneyo. Ali pompano, akumva."

"N'chifukwa chake ndikumupezera njira yofewa. Mukufuna apite kundende? Kapena mukufuna ndipite ine, nonse muzidya makoma? Tikaphwanya mkhate chifukwa cha khoswe mmodzi, timwera chiyani?"

"Khoswe," mayi anabwereza.

"Ndi mwambi chabe, mayi, musaugwire mchira." Kenako anatembenukira kwa Nesi. "Ndipo iwe usadzione ngati mlendo pa nkhaniyi. Miyendo unagwira ndiwe. Mayi uja anakuona. Tonse tili m'madzi amodzi. Chimene chingakutsuke ndi pepala la udokotala, chifukwa dokotala weniweni akalakwitsa amati ndi ngozi. Ukaganize bwino za miyala yako."

Nesi anaimirira. Anatola mbale n'kupita nazo kukhitchini.

Masiku otsatira, njinga yamoto iliyonse yoima pafupi ndi sitolo inkamuopsa. Akaona munthu wa yunifolomu, ngakhale mlonda wa kubanki, ankalowa m'nyumba. Anayamba kuganiza kuti mwina bambo ake akunena zoona. Udokotala si ntchito yoipa. Magazi sankawaopa ngati mchimwene wake. Akanatha kupita, kuphunzira bwino, n'kubwera kudzachita zinthu moyenera. Koma akangoganiza choncho ankakumbukira za tchuthi, zaka zonsezo, iye ali kuseri kwa katani ndi theka la maphunziro, bambo akutchula matenda mokweza, anthu akudikira panja.

Anakapeza mchimwene wake pampopi.

"Mwendo uja ungachire?"

"Ndinabaya mtsempha," Dokotala anatero. "Anatiphunzitsa kuti uzibaya kumtunda, chakunja. Ndimadziwa bwinobwino. Dzanja ndi limene silinamve."

"Ndafunsa ngati ungachire."

"Sindikudziwa. Sindinafike pamenepo, ndinathawa tisanaphunzire." Anapukuta manja pa thalauza. "Koma akuchipatala akadziwa kuti ndi singano, adziwa poyambira. Akamafufuza matenda ena, nthawi ikupita. Ndipo mafuta a bambo aja ndi odzola pakhungu louma."

"Ndikakanena, adzakugwirani."

"Andigwire."

"Achimwene, mwamva zimene bambo akonza."

"Ndamva. Kaya kundende, kaya kwa amisala, konseko sakandipatsa mwana wa munthu kuti ndimubaye. Ukudziwa kuti chibayireni mwana uja ndikugona bwino? Ndikungodikira kuti wina abwere adzanene kuti basi."

"Nanga zaka zanga zija mumawerengera?"

"Ndasiya. Ndinaona mmene unagwirira miyendo ija, mwamphamvu, mosamala, monga anakuuzira. Iwe ndiwe womvera kuposa ine, mlongo wanga. Chaona mnzako chapita. Mwendo wotsatira udzakhala wa dzanja lako."

M'mawa mwake Nesi anapita kumsika. Anamupeza mayi uja kumapeto kwa mzere wa ogulitsa ndiwo zamasamba, akuunjika tomato pa chiguduli. Mwana anali atakhala pansi pa tebulo, mwendo wodwalawo uli wonyezimira ndi mafuta.

"Mwana wa adokotala," mayiyo anatero akumwetulira. "Mukufuna wa zingati? Ndikuikirani basela."

"Sindinabwerere tomato, mayi." Nesi anaona kuti mawu ake akutuluka ang'onoang'ono, ndipo anawakweza. "Si malungo amene alowa m'mwendo. Ndi singano. Inalowa pamalo olakwika. Achimwene anga sanamalize sukulu, si dokotala. Pitani naye kuchipatala chachikulu lero, mukawauze kuti anabayidwa, muwaonetse pamene anabayidwa. Mlandu si wanu."

Mayiyo anapitiriza kuunjika. Anaika tomato wachinayi pamwamba pa atatu, anagwa, anamuikanso.

"Iwe unamugwira miyendo," anatero osadzutsa mutu.

"Ndinamugwira."

"Unamva mmene analirira."

"Ndinamva."

"Ndipo tsiku lija ndinabwera naye, unali pakauntala, bambo ako akundipatsa mafuta. Ine n'kuthokoza. N'kuwerama."

"Ndinalipo."

"Choka pamaso panga ndisanakuchite chinthu."

Nesi anachoka. Atafika pamene amagulitsira makala anacheuka. Mayi uja anali atavundikira tomato ndi thumba, akulankhula ndi mnzake wa tebulo loyandikana, uku akumanga mwana kumsana. Mnzakeyo anali atagwira pakamwa, akuyang'ana kumene kunali sitolo.

Nesi anawapeza bambo ake akupukuta mabotolo pashelefu.

"Ndawauza mayi aja," Nesi anatero ataima pakati pa sitolo. "Apita kuchipatala. Ndipo ku yunivesite ndikanena miyala ndi madzi."

Ankayembekezera mbama. Bambo anamaliza kupukuta botolo limene linali m'manja, analibwezera pamalo pake, analitembenuza kuti dzina lionekere kutsogolo.

"Wadya m'mbale mwanga zaka zonsezi," anatero mofatsa, "ndipo lero wanyereramo. Chabwino. Ukatuluka pakhomo pano ndi miyala yako, uzikadya miyala yomweyo. Ukadzaona kuti yalimba, usadzagogode pano."

Sanamuyang'anenso. Anakwera pampando n'kuyamba kumasula waya wa katani. Anakoka bedi, anathira masingano m'katoni, anang'amba chithunzi cha mafupa pakhoma. Ankagwira ntchito mwachangu, thukuta likutsika m'khosi, ndipo Nesi anaona koyamba kuti bambo akenso amaopa.

"Dokotala, bwera unyamule mbali iyi. Dokotala."

Dokotala anali atakhala pa benchi ya odwala pakhonde, manja pa mawondo, akuyang'ana kumsewu. Sanatembenuke.

Nesi analowa kuchipinda kwake, anatsitsa chikwama pamwamba pa wodirobu, anachikuntha fumbi. Kunali kutatsala sabata kuti tsiku losankha lifike. Azakhali ake a m'tauni anali ndi kachipinda kosungiramo makala, ndipo sankagwirizana ndi mchimwene wawo pa chilichonse. Akanamusunga, ngakhale kungofuna kupsetsa mtima a Magaziachepa. Za pambuyo pa sabatayo sankazidziwa. Anapinda masiketi, mabulauzi, bulangete lopyapyala.

Mayi anaima pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

"Wamuika mchimwene wako m'kamwa mwa ng'ona," anatero.

"Analimo kale, amayi."

Mayi anatsitsa manja. Analowa, anasuzumira m'chikwama, anatulutsa nsapato zakuda za gogoda zimene Nesi ankavala kutchalitchi.

"Izi ukapita nazo kuti? Mayi wako wa mjigo uja anavala zotani?"

"Jombo."

Mayi anatuluka. Anabwera ndi jombo zawo za kudimba, matope ouma akadali kuzidendene. Anazigunditsa pakhoma lakunja kwa zenera, anazikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuzikankhira pansi pa bulangete.

"Zikukula pang'ono, uzivala ndi masokosi awiri. Ntchito ikakasowa usadzabwere kuno kudzandilirira."

"Sindidzabwera kudzalira."

"Udzabwere ndithu, chitsiru iwe. Koma uzidzalowera kukhitchini."

Zipi inakana kutseka. Mayi anagwada pa chikwamacho ndi maondo onse awiri, Nesi n'kukoka mpaka inafika kumapeto. Ali chigwadire choncho, kunja kunamveka galimoto ikuchepetsa liwiro, matayala akuphwanya timiyala ta kutsogolo kwa sitolo. Injini inazima. Zitseko ziwiri zinatsekuka n'kutsekeka.

Anayang'anana.

"Basi siima pano," mayi anatero. Anadzuka, anakonza chitenje, anapukuta manja ngakhale anali ouma. "Ndikukakhala ndi mwana wanga pabenchi paja. A boma asamupeze yekha. Iwe tulukira kuseri, udutse kwa telala, ukadikire basi kumlatho."

"Akandifunsa za miyendo ndiyankha, amayi. Ndikatero ndipita."

Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akuona msinkhu wake koyamba, n'kutuluka.

Nesi ananyamula chikwama. Chinkalemera mbali imodzi chifukwa cha jombo. Anachisinthira kudzanja lamanja, anadutsa m'chipinda chochezera, n'kukachiika pakhomo lolowera m'sitolo, pamene aliyense wolowa akanachiona.